Amene Akubwera ndi Jarrell Loweruka

Philadelphia
17 Juni 2024

Okondedwa achimwene anga a Wendell,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Yvette, ndiponso kuti chiuno chija chayamba kukupatsani mpata popeza kwafunda. Ine kuno ndikudzuka ndithu. Musadabwe kuona kalata m'malo mwa foni. Ndimakudziwani inu, mukanadula ndisanafike ndi pakati pomwe, kenako n'kutuluka panja kukakalipira makina otchetchera udzu a eni ake amene mumakonza aja. Mukapsa mtima powerenga, muiike pansi, mumwe madzi, muitolenso, chifukwa nkhani yake ndi ya moyo wa mphwanu Jarrell.

Ndiyambe ndi pempho kuti musavutike kulifunafuna. Ndikufuna Jarrell adzakhale kwanuko ku Tarboro mpaka nyengo yotenthayi ithe. Akakhala kuno, ndikuopa kuti ndimuika m'manda chaka chomwe chino. Sindikukokomeza ayi, mumve mmene zayendera.

Mukumukumbukira Quinton, mnzake wa Jarrell uja wa makutu akuluakulu, amene anamaliza yekha payi ya mbatata pamaliro a amayi, n'kunamizira galu? Anamuwombera kumayambiriro kwa mwezi uno, masana dzuwa likuswa mtengo, ali pamalo okwerera basi. Gwero lake ndi zopanda mutu, kunyozana pa mafoni pakati pa anyamata a mumsewu mwathu muno ndi a kutsidya kwa njanji. Quinton sankadziwa ndi kutukwana komwe, koma ankayenda ndi anzake, basi mlandu wake unali womwewo.

Ntchito yanga mukuidziwa. Makina aja ndinagula kuti ndizisindikiza matisheti a maukwati, a matimu a mpira ndi a misonkhano ya mabanja, koma amene akhala akundidyetsa kwenikweni ndi a maliro: nkhope ya mnyamata, mapiko kumbuyo kwake, mitambo, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. A Quinton ndinawasindikiza misozi ikugwera pansalu. Mawa lake Jarrell analowa m'shopu maso ali psuu, n'kutsamira pakauntala.

"Amayi, ndakutumizirani chithunzi pafoni."

Nditayang'ana, chinali chija anajambulitsa tsiku lomaliza sukulu, atavala tayi amene munamutumizira.

"Ichi ndili nacho kale. N'chachiyani?"

"Basi, muchisunge poyera. Pamenepo ndinatuluka bwino. Musadzatenge chija cha pa Khrisimasi, ndinatuluka ngati mbuzi yonyowa."

Anaseka, koma ine sindinaseke. Ndi azimayi angati amene anaima pakauntala yomweyo n'kundiuza kuti, "Chimenechi anasankha yekha"? Mnyamata wa kuno akasankha yekha chithunzi cha patisheti, ndiye kuti watsimikiza kale kumene akupita, ndipo akudziwa kuti mwina sabwerako. Potembenuka kuti azituluka, malaya ake anakoka m'chiuno, ndipo ndinaona mfuti ndi maso angawa.

Ndinakhala pampando n'kuyamba kuganiza zochita. Kuimbira apolisi, zikanayenda bwino kwambiri akanamutsekera zaka, ndipo za mmene zikanayendera zitavuta sindikufuna n'kuzilemba komwe. Kumukalipira, ndinali nditayamba kale kumukalipira kuyambira ali ndi mano awiri. Panatsala anthu a malaya obiriwira.

Inu munachoka zisanayambe izi. Boma la chigawo chathu linapatula ndalama zothandizira mabungwe oletsa kuwomberana, ndipo kabungwe kena ka m'dera lathu lino kanalandirako. Kanalemba anthu ntchito n'kuwaveka malaya obiriwira, kanagula kaminibasi, ndipo mmodzi wa iwo amakhalira kuchipatala kudikira aliyense wobwera ndi bala la chipolopolo, kuti alankhule ndi abale ake asanayambe kuimbirana mafoni obwezera. Amalemba anthu amene anyamata angawamvere, ndiye ambiri mwa iwo ndi otuluka kundende. Chaka chatha kunabwera mayi wina wochokera ku Harrisburg, likulu la chigawo chathu, kudzafotokoza zonsezi muholo ya kutchalitchi. Ndinapita kukamva za msonkho wanga. Ndili mkati ndinaona munthu atakhala kutsogolo, wa imvi, wa magalasi, kamimba katatuluka, atavala malaya obiriwira.

Achimwene, ngati mwaimirira khalani pansi. Anali Lamont Tisdale.

Inde, yemwe uja. Anamaliza zaka zake n'kutuluka, ndipo sindinakuuzeni chifukwa sindinaone chimene zikanakupindulirani. Tsiku limenelo ndinaimirira osadikira kupatsidwa mpata, n'kufunsa mayi wa boma uja kuti, "Ndiye kuti msonkho wanga uzilipira munthu amene anapundula mchimwene wanga?" Lamont anaimirira, n'kunena kuti, "Mayiwa akunena zoona. Ndine." Atatero anakhala pansi, osawonjezera kanthu. Zinandikwiyitsa koposa, chifukwa ndinkafuna akane kuti ndimulalatire bwino.

Ndiye mutha kuona mmene dzanja linkalemerera poimba nambala yawo, imene anaimata pamitengo yonse ya magetsi. Ndinapempha kuti anditumizire wina aliyense kupatula iyeyo. Mayi amene anayankha anati, "Msewu wanu ndi wa Lamont, anyamata a kumeneko amamvera iyeyo. Mukufuna munthu wokusangalatsani kapena woti mwana wanu amumvere?" Ndinati abwere.

Anafika makina asanazizire n'komwe. Anaima pakhomo la shopu chipewa chili m'manja.

"Amake Jarrell, ndilowe kapena tilankhulire pompano?"

"Imani pomwepo."

Anaima pomwepo, padzuwa, mpaka ndinamaliza kufotokoza. Nditatchula za chithunzi anangotsinzina, sanafunse tanthauzo lake.

"Mukawauza apolisi?" ndinamufunsa.

"Ayi. Tikangowauza kamodzi, palibe mnyamata angatiyankhenso moni."

"Ndiye mukamulanda mfutiyo?"

"Ine mfuti sindiikhudza, ndingabwerere kumene ndinachokera. Komanso nditamulanda, dzuwa lisanalowe akhala atapeza ina."

"Nanga boma limakulipirani chiyani, kuvala malayawo?"

"Kuchedwetsa anthu, mayi. Mkwiyo wa mnyamata umafuna lero lomwe. Ine ntchito yanga ndi kumufikitsa mawa. Mawalo likafika, ndimufikitsenso mawa linalo."

Ndinaona ngati zachibwana, koma mumve mmene anachitira. Sanapite kwa Jarrell. Anayamba wapita kwa amake Quinton, a Gaines, n'kukhala nawo pakhonde. Madzulo ake a Gaines anaitanitsa Jarrell, n'kumuuza pamaso pa anthu kuti, "Iwe ndi amene udzanyamule bokosi la mnzako kutsogolo, kudzanja lamanja. Ndikufuna udzakhalepo, wavala bwino. Usandichititse manyazi." Inu mukudziwa kuti mawu a mayi woferedwa sakanidwa. Jarrell anangoti, "Chabwino, amayi," ndipo potuluka anapeza kaminibasi kataima pamsewu, Lamont atatulutsa chigongono pawindo.

"Aise, suti uli nayo?"

"Ndilibe."

"Ndiye ukanyamula bokosi utavala kabudula? Kwera. Koma galimoto iyi inagulidwa ndi ndalama za boma, chitsulo sichilowamo. Kachisiye kumene umachisiya, ndikudikira."

Zonsezi ndinazimva kwa Jarrell yemwe pambuyo pake. Akuti tsiku lotsatira anazungulira masitolo a zovala zakale mzinda wonse, ndipo suti iliyonse Lamont ankaipezera chifukwa. Iyi manja afupika. Iyi ikukuonetsa ngati wogulitsa inshuwalansi. Iyi ndi ya mkwati, kodi ukukwatira? Jarrell akuti anafika pokuwa kuti, "Madala, ndi suti basi, tiyeni tizipita!" Lamont n'kuyankha kuti, "Quinton angakuseke ali m'bokosi momwemo, ine sindingalole." Suti itapezeka panafunika nsapato. Nsapato zitapezeka panafunika mipando ya kutchalitchi, kenako mabaluni ndi makandulo a pamalo pamene Quinton anagwera, kenako kuperekeza a Gaines kukasankha maluwa, kenako nkhuku zokazinga ndi makaroni a anthu obwera kudzapepesa. Mwana ankafika kunyumba miyendo ili lende, n'kugona ndi nsapato. M'mawa asanasukusule, hutala inali italira kale panja.

Tsiku loulutsa mabaluni, pamene nthawi zambiri pamachitikira zoopsa chifukwa anyamata onse amakhala pamalo amodzi, anthu a malaya obiriwira anaima kumapeto onse awiri a msewu, manja ali m'matumba, akupereka moni kwa galimoto iliyonse yodutsa. Alibe mfuti, alibe chovala chotchinga zipolopolo, ali ndi malaya okhawo. Mnzake wa Lamont, mayi wina wamfupi dzina lake Nadine, anali kutsidya kwa njanji, akuchita zomwezo ndi anyamata a kumeneko. Mabaluni anauluka, anthu analira, ndipo aliyense anabwerera kwawo.

Koma Jarrell si wopusa. Kutatsala tsiku limodzi kuti tiike maliro, masana, Lamont anaimika kaminibasi kuseri kwa shopu yanga kuti atenge matisheti. Windo linali lotsegula, ndiye ndinamva zonse.

"Madala, mukundizungulitsa dala. Mukuyesa sindikuona?"

"Ukuona, ndiwe wochenjera. Nyamula katoniyo."

"Sindinyamula. Maliro akangotha mundisiye. Inu simukudziwa mmene zikuwawira."

"Ndikudziwa, mphwanga. Msuweni wanga anamuwombera ndili msinkhu wakowu. Anthu anandiuza kuti ndi anyamata a mumsewu muno, wina wa jekete lofiira. Ndinabwera, ndinadikira, ndinaona munthu wa jekete lofiira akutsika basi atanyamula buledi ndi mkaka." Kenako anafunsa kuti, "Amalume ako amayenda bwanji?"

"Ndi ndodo. Nanga zikukhudzana bwanji?"

"Ndine."

Achimwene, Jarrell anakula akudziwa kuti munthu wina anakuwomberani, koma dzina sitinamuuzepo. Ndinangomva kuti phaa! Pothamangira panja ndinapeza Lamont atatsamira khoma, mlomo ukuchucha magazi, magalasi ali pansi. Anandikwezera dzanja kuti ndisayandikire. Analavula, n'kunena kuti, "Mwana wanuyu dzanja ali nalo, mayi." Kenako anayang'ana Jarrell.

"Amalume ako sankamudziwa n'komwe msuweni wanga. Ankangopita kwawo. Iweyo amene ukufuna kukamuwomberayo, unamuona ndi maso ako?"

"Anthu akunena."

"Inenso anthu ankanena."

Jarrell anaima zibakera zili chikungire, akupumira m'mwamba. Ndinkati amumenyanso, ndipo Lamont sanatchinge nkhope, manja anali pansi. Kenako Lamont anati, "Wamaliza? Nditolere magalasi, sindikuona. Ayisi woziziritsira zakumwa za pamaliro akusungunuka m'galimotomu."

Mwana wanga anawerama n'kutola magalasiwo. Atamupatsa anangokhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kokhala ngati kwa kamwana, koyamba chimwalirireni Quinton. Lamont anakoka kreti n'kukhala pambali pake, osamugwira, osamuuza kuti atonthole. Ine ndinabwerera m'shopu kukalira kwanga. Sindinkadziwa kuti munthu uja amakumbukira mpaka buledi.

Bokosi analinyamula, kutsogolo kudzanja lamanja, ndipo suti inamukhala bwino, pamenepo Lamont sananame. Maliro atatha, Jarrell anapita yekha kwa adikoni a Holloway, amene amalandira mfuti n'kukazipereka kupolisi osatchula dzina la munthu. Anabwerako manja ali pululu, n'kudya mbale ziwiri.

Mwina mukuti nanga zatha bwino chotere, vuto lili pati? Vuto ndi lakuti tsiku limene Quinton anamwalira, Jarrell anadzijambula pafoni akulumbira kuti abwezera, n'kuponya pa intaneti. Anafufuta, koma a kutsidya kwa njanji anali ataonera kale. Iwowo akudziwa kuti akubwera, ndiye ena akuganiza zomuyambirira. Nadine walankhula nawo, akuluakulu awo avomera kudekha, koma iye mwini akuti sangalumbirire aliyense, pali ang'onoang'ono ena amene akufuna kutchuka. Sabata yathayi galimoto ina yakhala ikudutsa pang'onopang'ono pakhomo pathu, mawindo otseka. Jarrell sakugona kunyumba, akugona kwa adikoni.

Lamont akuti zikafika apa mankhwala ake ndi amodzi, mnyamata achoke mumzinda mpaka mitima izizire, iwo atsale akuzimitsa. Ndalama zija zimalipiranso maulendo otere. Jarrell poyamba anakanitsitsa, akuti anzake azinena kuti wathawa. Ndinachonderera, ndinaopseza, ndinatchula mpaka dzina la malemu amayi, osatheka. Dzana ndi pamene anati, "Chabwino, ndipita. Koma andiperekeze madala." Ndinati ndimukweza basi. Lamont anapukusa mutu, akuti mnyamata wokwera basi yekha amayamba kuganiza, foni imalira, mnzake amamuuza kuti akumunena, ndipo pofika ku Baltimore amakhala atatsika n'kukwera yobwerera. Akuti zinamuchitikirapo ndi mnyamata wina, ndipo sakufuna kuti zichitikenso. Kenako anafunsa kumene akupita.

"Ku Tarboro," ndinatero.

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. "Kwa a Wendell?"

"Kulibe kwina. Ndi amalume ake okhawo."

"Muwalembere. Muwauze zonse, musabise kuti ndine. Munthu uja ndinamudzidzimutsapo kamodzi, sindikufuna kumudzidzimutsanso."

Ndiye ndi kalata ino. Sindikunena kuti ndamukhululukira, chifukwa chiuno si changa, ndipo usiku umene mumalephera kugona ndi ululu si ine ndimaudziwa. Zimenezo n'zanu, palibe angakulamuleni. Koma ndikanama ndikapanda kukuuzani kuti munthuyu ndamugomera. Ndaona abusa akulalikira, ndaona andale akuyenda mumsewu muno ndi makamera, koma sindinaonepo munthu akulola kumenyedwa chibakera ndi mwana wa eni ake kuti mwanayo afike mawa. Ndipo si Jarrell yekha. Foni yake imalira osalekeza, chakudya amadyera m'galimoto, ndipo ntchito akaigwira bwino palibe amadziwa, chifukwa palibe chimachitika. Chaka chino matisheti a maliro ndasindikiza ochepa kuposa zaka zonse. Malonda alowa pansi, ndipo ndikuthokoza Mulungu.

Panopa ku Harrisburg akukambirana za ndalama za chaka chamawa. Ine yemwe uja ndinakuwa muholo, ndalembera phungu wathu kuti ndalama za anthu amenewa zisadulidwe, ndipo ndauza azimayi a kukwaya kuti nawonso alembe. A Gaines akuti akakwera nawo basi kukalankhula okha. Ndinamufunsa Lamont kuti adzatani ndalamazo zikadzatha. Anati, "Ndidzabwerera kokhoma madenga, izi ndizidzachita ndikaweruka. Koma anyamata sadikira kuti munthu aweruke." Ndinakumbukira kuti Quinton anagwa masana.

Anyamuka Loweruka m'mamawa, ndipo kwanuko afika chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Jarrell mumupatse ntchito, manja ake ndi abwino, njinga za ana a mumsewu muno amakonza ndi iyeyo. Kudzuka ndiye ndi waulesi, musamunyengerere. Foni muzimulanda pa nthawi ya chakudya, ndipo akayamba kukhala yekha kuseri kwa nyumba mumuitane, ngakhale kuti adzangokugwirirani sipanala. Therere sadya, koma alamu asavutike kumuphikira zina, adzaphunzira. Akadzakufunsani za tsiku lija, mumuuze zoona, chifukwa mbali imodzi waimva kale ndipo yatsala yanu.

Lamont akuti adzaima pamsewu, pa bokosi lanu la makalata, ndipo sadzatsika. Jarrell adzayenda yekha ndi chikwama chake mpaka pakhonde. Sanapemphe kukuonani, ndipo inenso sindikupempha. Ndikungokuuzani kuti mudziwe kuti kaminibasi koyera kadzaima pamenepo ndi ka ndani, ndipo kakadzaona kuti chitseko chatsegulidwa ndi mwana walowa, kadzatembenuka. Ngati zonsezi zakulemerani, imbani foni Loweruka lisanafike, ndidzamva, ngakhale sindikudziwa kumene ndingamupititse.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Yvette, muwauze kuti ndikudziwa kuti ndawasenzetsa katundu osawafunsa, ndipo ndidzabwera ndekha kudzathokoza. Moni kwa ana onse ndi kwa a kutchalitchi amene amandikumbukira. A Gaines akupereka moni, akuti mumusunge mnzake wa mwana wawo. Adikoni a Holloway akupereka moni. Jarrell akupereka moni, akuti mumusungire thalakitala imodzi yowonongeka.

Ndinamufunsa Lamont ngati ndilembe moni wake. Anati, "Ayi, moni wanga ndi wolemera, musawasenzetse. Mungowauza kuti mwana adzafika wamoyo."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Charmaine